Kagalasi Kali M'diso Mwangamu

Ana inu, senderani kuno kumthunzi, mpunga uwo ungouma wokha pamkekapo, sufuna mlonda wa maso asanu ndi limodzi. Dzulo Tiyamike anandifunsa kuti n'chiyani chimanyezimira m'diso mwangamu dzuwa likandiomba cham'mbali. Ndinamuuza kuti ndi kagalasi. Iye anaseka mpaka kugwira pamimba, ati agogo mwayamba bodza ndi ukalamba. Ndiye lero ndikuuzeni bwinobwino. Madalitso, ika pansi wailesi ukuyiphwasulayo. Fatsani, bwera ukhale pamwendo panga, nkhaniyi iwe ulimo ngakhale sukudziwa.

Ndiyambe ndi bambo anga, amene inu simunawaone. Anafika kuno ali kumsana, makolo awo akuthawa ntchito yokakamiza ku Mozambique. Anakulira mphepete mwa Chilwa muno, nalima nandolo ndi chinangwa monga Alomwe anzawo, koma luso lawo lenileni linali kuluka mono wokolera nsomba. Mono wa bambo anga, mlamba ukalowamo unkangodziwiratu kuti ulendo wathera pomwepo. Inu mumadya buledi wa ku Songani n'kumadandaula kuti ndi wa dzulo. Ife tinakulira makaka, chinangwa chouma chija, ndi kalongonda, mtundu wa nyemba, amene amaphikidwa tsiku lonse, ndipo ukamufulumirira amakuledzeretsa. Koma izo ndi za tsiku lina.

Ndili mnyamata wongoyamba kuponda bwato ndi nsungwi, maso a bambo anayamba kuchita chifunga. Pakati pa diso, pakuda paja, panayera ngati madzi otsukira mpunga. Anthu anati ndi ng'ala, ena anati alodzedwa ndi mnzawo wa nsanje pa nkhani ya mono. Tinapita nawo kwa asing'anga, anawatema mphini m'mbali mwa maso, n'kuwadonthezera madzi a masamba owawa. Bambo anabuula, maso anafiira, chifunga chili pompo.

Kenako tinapita nawo kuchipatala. Musaganize za kabaza kapena njinga yamoto. Tinanyamuka mame asanaume, ine patsogolo nditagwira nsonga ya ndodo, iwo pambuyo atagwira nsonga inayo, ndipo tinafika dzuwa litapendeka. Kachipatalako kanali ka zipinda ziwiri. Zida zonse za mmenemo mukanazinyamula mu dengu limodzi: kapoto kowiritsiramo singano za jakisoni, sikelo yopachika pamtanda, kachitsulo koika m'kamwa poyeza kutentha kwa thupi, chomvera pamtima chija amakoleka m'khosi, ndi botolo la mankhwala a pepo amene ankapaka pachilonda chilichonse. Singano zake zinali zonenepa, zobuntha chifukwa chogwira ntchito pa anthu ambirimbiri. Ukabayidwa unkayenda chotsimphina mpaka kwanu.

Mkulu amene tinamupeza anali munthu wabwino. Anawaimika bambo pawindo, n'kutsegula chikope ndi chala chachikulu, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukusa mutu.

"Bambo, ine pano ndilibe chochitira," anatero. "Ndimamva kuti ku Blantyre amatha kuchotsa, koma dokotala wake amabwera mwa apo ndi apo."

Bambo anangoti, "Zikomo, achimwene. Ku Blantyre n'kutali." Tinabwerera.

Anakhala pakhonde zaka zawo zonse zotsala. Ankalukabe mono ndi zala zokha, koma kukatchera sankatha. Chaka chija nyanja inaphwa, anthu n'kumayenda wapansi mpaka ku chilumba cha Chisi pamatope ong'aluka, bambo ankandifunsa madzulo aliwonse kuti, "Lero madzi afika pati?" Ndinkawauza, iwo n'kumagwedeza mutu ngati akuona. Madzi atabwerera, iwo sanawaone. Anamwalira ali mumdima womwewo.

Ine ndinakula, ndinakwatira anganga anu aNambewe, n'kudzakhala mkamwini m'mudzi uno. Nyengo ya matemba ndinkatha milungu ndili pa chimbowera, kanyumba koyandama kaja timamanga pa udzu wa m'nyanja, ndikuwamba nsomba mu utsi. Dzinja likafika tinkawokera mpunga wa faya, matope mpaka m'mawondo. Anabadwa mayi anu Esinati, ndi amalume anu. Maso anga nthawi imeneyo anali akuthwa moti ndikaima padoko ndinkadziwa mwini bwato lili kutali pongoona kapondedwe kake.

Ndiye tsiku lina, ndili kale ndi imvi, ndinaona ngati phiri la Chisi lafunda nkhungu masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinafunsa mnzanga aJailosi, amene ndinkapha nawo nsomba kuyambira unyamata wathu, kuti nkhungu yanji iyi mwezi wotentha uno. Anandiyang'ana n'kunena kuti kulibe nkhungu. Sindinauze munthu. Ndinayamba kulephera kulowetsa ulusi posoka ukonde. Tsiku lina ndinapereka moni wa ulemu, chipewa m'manja, kwa chitsa cha mgwalangwa pa njira ya kutchalitchi. Musaseke kwambiri, inunso mudzakalamba.

Chimene chinanditulutsa m'nyanja n'chakuti ndinasochera m'mabango masana. Munthu wobadwira pa Chilwa, kuzungulira malo amodzi ngati mlendo, osaona phiri, osaona doko. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. AJailosi ndiwo anandipeza, n'kukoka bwato langa. Kuyambira tsiku limenelo nsungwi yanga yopondera inangotsamira kuseri kwa nkhokwe.

Mdima unabwera pang'onopang'ono, kenako unakhazikika. Ndinkangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Ndinakhala pakhonde, monga bambo anga, mbali yomweyo ya nyumba. Inu akuluakulu awirinu mukukumbukira. Ndipo musaganize kuti sindinkadziwa amene ankachotsa mutu wa mlamba m'mbale mwanga. Madalitso, iwe unkapuma ndi pakamwa ukamaba. Ndinkangokusiya.

Fatsani anabadwa m'zaka zimenezo. Anandiika m'manja kamwana kofunda, ine n'kumapapasa timakutu, kamphuno, tizala. Anthu ankati wafanana ndi uje, wafanana ndi uje. Ine ndinkangovomera.

Amene anasenza zonse ndi anganga anu. Kumunda okha. Kumjigo okha. Kundiperekeza kuchimbudzi, kunditsogolera kutchalitchi, kundiuza kuti apa pali dzenje, apa pali muzu, kwezani phazi. Chakudya ankandigwiritsa dzanja kuti ndiwo zili uku, madzi ali uku. Sanadandaule ndi tsiku limodzi lomwe, mwina ankadandaulira kumunda kumene ine sindinkamva.

Tsiku lina anabwera mlangizi wa zaumoyo, mtsikana wa mawu ofatsa amene amayendera midzi yathu ino pa njinga. Anandiunika m'maso ndi katochi.

"Agogo, mukuona kuwala?"

"Ndikuona ngati mwezi uli kuseri kwa mtambo."

"Ndiye diso lanu ndi lamoyo. Ndi ng'ala chabe yatchinga. Masiku ano amachotsa, ndipo anthu amaonanso. Ndikulembeni dzina?"

Ndinakana. Pabwalo la bawo, kumene anganga anu ankandisiya kuti ndizimvako nkhani, kunali mbiri yakuti kuchipatala amakolowola diso la munthu n'kuikamo la mbuzi. Woyambitsa anali aJailosi omwewo, ndipo ankalumbira kuti anamva kwa mlamu wa munthu amene zinamuchitikira. Lero mukuseka, koma ukakhala mumdima nkhani iliyonse imakula. Komanso ndinali ndi mantha ena amene sindinkawatchula. Kakuwala kochepa kaja, kondiuza kuti kwacha, ndinkakasunga ngati mbewu. Ndinkaopa kuti akandigwira ndi mpeni n'kulakwitsa, nakonso kapita.

Mlangizi anabweranso, ndinakananso. Mayi anu analankhula mpaka kulira, ine ndinauma mutu.

Chinandisintha ndi ichi. Unali mwezi wotentha, inu muli kusukulu, mayi anu atapita ndi Fatsani kusikelo. Pakhomo tinalipo awiri. Ndinamva anganga anu akubwera kuchokera kumjigo, ndinkawadziwa kayendedwe. Kenako ndinamva ndowa ikugwa, madzi n'kukhuthuka. Ndiye zii.

"ANambewe?"

Palibe yankho.

"ANambewe, mwagwa?"

Ndinatsika pakhonde chokwawa. Ndinapapasa pansi, fumbi lokhalokha. Ndinalowera kumene ndinkaganiza kuti phokoso lachokera, ndinakagunda khola la nkhuku. Ndinabwerera, ndinakagunda mtondo. Ndinkaitana dzina lawo, ndikukwawa uku ndi uku pabwalo la nyumba yanga yomwe, bwalo limene ndinalisalaza ndi manja angawa. Pomaliza ndinangokhala pansi n'kuyamba kukuwa kuti anthu abwere. Atafika aneba anandiuza kuti anganga anu anagona pafupi penipeni ndi pamene ndinayambira kukwawa, mutu uli padzuwa. Ndinawadutsa osawakhudza.

Anawanyamula pa njinga ya ambulansi ija yokoka kabedi kumbuyo. Kuchipatala chathu chaching'onochi anawamanga chinthu chija chofufuma pamkono, makina n'kuonetsa kuti magazi akuthamanga kwambiri. Anawabayanso pachala kuyeza shuga. Nthawi ya bambo anga akanangoti wagwidwa ndi mizimu, kapena waombedwa ndi dzuwa. Apa anadziwa chimene chavuta asanadye n'komwe nkhomaliro, n'kuwapatsa mankhwala amene akumwa mpaka lero.

Atabwera kunyumba anakhala pafupi nane pakhonde. Sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu.

"Bambo a Esinati, ndikadzagwanso tili awiri, mudzandipeza bwanji?"



"Ine sindikuopa kufa," anapitiriza. "Ndikuopa kufa inu mukundifunafuna pabwalo."

M'mawa mwake ndinatuma mayi anu kuti akauze mlangizi alembe dzina langa.

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Ulendo woyamba tinakwera kabaza, kenako minibasi, mpaka kuchipatala kumene madokotala a maso ankaonerako anthu. Tinakhala pabenchi ndi akhungu anzanga ambiri, aliyense ndi womutsogolera. Dzuwa litakwera, namwino anabwera n'kutipepesa. Anati makina oyezera diso asanapange opaleshoni awonongeka, kachitsulo kena kapsa mkati, ndipo kopezeka nako n'kutali. Anati dokotala sangaike kagalasi mongoganizira. Tibwerere, adzatiitana.

Ndinabwerera ndili ndi manyazi ndi mkwiyo. Pabawo aJailosi anandilandira ndi funso lakuti, "Bwanji, mbuzi zinatha kumeneko?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati basi, Mulungu wandionetsa kuti ndisapite. Anganga anu anangoti, "Mpunga ukakanika chaka chino sutaya munda." Tinadikira mvula yonse. Titayamba kumweta mpunga, mlangizi anafika ndi uthenga wa pafoni kuti makina akonzedwa.

Ulendo wachiwiriwu ndiwo ndinakumana nazo zida zimene Tiyamike amati ndikunama. Poti sindinkaona, ndikuuzani mmene ndinazimvera. Anandikhazika pampando, n'kundiuza ndiike chibwano pa kachitsulo kozizira, chipumi n'kutsamira pa lamba. Kuwala kunalowa m'diso ngati nsonga ya udzu. Kenako anandipititsa pa makina aja anawonongeka. Ankalira kuti pi, pi, pi. Ndinafunsa kuti akutani. Namwino anati akuyeza kutalika kwa diso langa mkati, monga telala amayezera mwendo asanadule nsalu, kuti kagalasi kadzakhale ka muyezo wanga ndendende.

Dokotala anali mayi, Mmalawi mnzathu, wolankhula Chinyanja chathu chomwechi. Ndinalimba mtima n'kumufunsa.

"Adokotala, pepani, ndifunse za umbuli. Kodi za mbuzi zija n'zoona?"

Sanandiseke monyoza ayi. Anati, "Agogo, tambasulani dzanja." Anaika kanthu pachikhatho panga. "Aka n'kachitsanzo kamene timaonetsa anthu. Kanu kali m'pepala lake, sikanakhudzidwe ndi munthu. Diso lanu silichoka m'malo mwake. Timaboola pang'ono pambali, n'kutulutsa chimene chachita mtambocho, n'kulowetsa aka."

Ndinakapapasa ndi chala. Kanali kopepuka, kopyapyala, ngati mamba a nsomba. Ndinaganiza za bambo anga ataima pawindo paja. Kanthu kochepa chonchi ndi kamene kanasowa.

Opaleshoniyo sanandigoneke tulo. Anabaya mankhwala pafupi ndi diso, mbali yonse inachita dzanzi, n'kundifunditsa nsalu kumaso. Ndinkamva akulankhulana motsitsa. Pambuyo pake anandifotokozera kuti dokotala amayang'anira m'makina okulitsa zinthu, moti diso langa kwa iye limaoneka lalikulu ngati lichero, ndipo timipeni take n'tating'ono kuposa minga ya matemba. Ululu sindinamve. Ulaliki wa abusa athu pa Sabata la zokolola umatalika kuposa mmene anatengera. Anandimata thonje, n'kunena kuti adzachotsa m'mawa.

Za m'mawawo ndikuuzani, dikirani. Ndiyambe ndanena izi ndisanaiwale, poti n'zimene ndakuitanirani.

Mwezi wathawu mlangizi uja anabwera ndi foni yomangirira kachipangizo kumbuyo. Anajambula nayo mkati mwa diso la anganga anu pansi pa mtengo uno, chithunzi n'kupita kwa dokotala m'tauni, yankho n'kubwera iye asanakwere njinga. Ulendo umene ine ndi bambo tinayenda tsiku lonse, tsopano diso likuyenda lokha, mwini wake atakhala pamkeka. Mayi anu ali ndi pakati pa Fatsani anaona mwana akutakataka pa kanema asanabadwe. Kuchipatala chathu kuli firiji ya katemera yoyendera dzuwa. Ine ndikhulupirira kuti inu mukamadzafika msinkhu wanga, zida zimenezi zizidzakwera bwato kupita ku Chisi, osati odwala kumawoloka ndi mwera kuzifuna. AJailosi, amene nawonso ng'ala inawagwira pambuyo pake, ndinakawatenga ndekha n'kuwaperekeza. Pano akuona, ndipo amauza aliyense kuti iwo sanakhulupirirepo mbiri zopusa zija.

Koma kumbukirani benchi lija tinabwezedwapo. Makina amafa ngati njinga, ndipo akafa, anthu amabwerera kwawo ndi mdima wawo. Ena mwa amene ndinakhala nawo tsiku loyamba lija sanabwerenso ulendo wachiwiri. Mmodzi, mayi wa kutsidya kwa Songani, ndinamva kuti anamwalira mvula isanathe. Amene anakonza makina aja ndinamva kuti ndi mnyamata wa konkuno amene anaphunzira ntchito imeneyo. Sindinamuone, dzina lake sindilidziwa, koma ndimamupempherera pamodzi ndi dokotala. Ndiye iwe Madalitso, mayi ako akamakukalipira kuti wamasula wailesi, uziwapepesa, koma uphunzirenso kuibwezera kuti ilankhule. Sukulu ya zimenezo ilipo. Tiyamike, iwe wokonda kufunsa mafunso, dokotala uja anayamba ngati iwe.

Tsopano za m'mawa uja. Anatikhazika pamzere m'khonde la chipatala, tonse a thonje kumaso. Namwino anafika pa ine, n'kumatula pang'onopang'ono, n'kupukuta.

"Tsegulani, agogo. Musafulumire."

Poyamba kuwala kunandilasa, misozi n'kutuluka. Kenako ndinaona zala. Zala za namwino, zikhadabo zake, mizere ya pachikhatho. Ndinaona khoma lopaka utoto wobiriwira, ndi nyerere ikukwera pakhomapo. Nyerere, ana inu. Ndinaitsatira ndi diso mpaka inalowa mumng'alu.

Nditatembenuka ndinaona mayi wina wokalamba ataima chapafupi, atagwira kathumba ka zovala. Woonda, wowerama pang'ono, mpango utasendera kumbuyo, tsitsi loyera ngati thonje. Ndinamuyang'ana n'kumudutsa, ndikufunafuna mkazi wanga pakati pa anthu. Amene ndinkamufuna anali wa tsitsi lakuda ndi masaya odzaza, monga ndinamuonera komaliza.

Mayi uja analankhula. "Mukuyang'ana kuti? Simunaonepo nkhalamba?"

Anali mawu amene anandiuza za dzenje lililonse ndi muzu uliwonse zaka zonse zija. Ndinawayang'anitsitsa. Ndinaona manja awo, ong'aluka ndi khasu, ndi chipsera cha moto pamkono chimene sanandiuzepo.

"ANambewe, imvi zonsezi mwazitenga kuti?"

"Kwa inu," anatero, akumwetulira. Kumwetulirako kokha ndi kumene sikunasinthe.

Ndinalira pamaso pa anthu, namwino n'kumandigwira dzanja kuti ndisatikite diso. Za mmene ndinakuonera iwe Fatsani titafika kunyumba, utabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ako poti agogo akukuyang'ana m'maso koyamba, mayi ako adzakusimbira. Diso lachiwiri anadzandichotsa ng'ala patapita miyezi.

Koma pochoka pachipatala paja tsiku limenelo, titafika pakhomo lotulukira, anganga anu anandigwira pamkono monga mwa masiku onse.

"Pali sitepe apa," anatero. "Tsitsani phazi pang'onopang'ono."

Sitepeyo ndinkaiona bwinobwino, ndi mng'alu wake, ndi fumbi pamwamba pake. Sindinawauze. Ndinawasiya andigwire, ndipo ndinatsitsa phazi pang'onopang'ono monga ananenera.